Mowa wa Kirimu Wopanda Mkaka

Bambo anga anatha moyo wawo wonse akupanga mowa wa kirimu, ndipo ine ndinatha theka la moyo wanga ndikuwatsukira mapoto. Mowa wake ndi uja wotsekemera, wolemera pakamwa, wofiirira ngati tiyi wamkaka, womwe anthu amamwa pang'ono m'kagalasi akatha kudya. Mumalowa wisiki, kirimu wa mkaka wa ng'ombe, khofi, koko ndi shuga wowotcha. Kafakitale kathu kali kuseri kwa nyumba. Ndi chipinda chimodzi chokhala ndi matanki achitsulo, tebulo lalitali, makatoni a mabotolo ofika kudenga, ndi firiji yakale imene imalira ngati ikudwala chifuwa.

Ntchito yonse yothyola msana inali yanga: kuwotcha shuga mpaka afiire osapserera, kusefa khofi, kutenthetsa kirimu, kukwecha matanki. Koma ikakwana nthawi yosakaniza, yoti wisiki akumane ndi kirimu, bambo ankandikankha ndi chigongono.

"Suntha, apa pafunika dzanja."

Ngati kuti ine ndinabadwa ndi ziboda. Ndinakula, ndinakwatiwa, banja linatha, ndinabwerera pakhomo, imvi zinayamba kutuluka, koma mawu anali omwewo: suntha. Ndinene mosabisa, sindinkafuna nyumba yawo kapena fakitale yawo. Ndinkangofuna tsiku lina alawe chinthu chotuluka m'manja mwanga, anene kuti chili bwino.

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, ndiye anali dzanja lawo lamanja. Timamutchula Chitayi, chifukwa ngakhale popita kukataya zinyalala amamanga tayi. Ntchito yake ndi kuyenda m'mahotela ndi m'mashopu kugulitsa. Pakamwa ndi wodala, angakugulitseni mchenga muli pamchenga, koma mumupatse koko ndi khofi m'manja, ayamba wafunsa kuti uyu ndi uti. Si munthu woipa ayi. Kungoti zabwino zinkamugwera yekha ngati mango akupsa.

Chitayiyo ndi amene anabwera tsiku lina ndi nkhani yoti hotela ina ikufuna mowa wa kirimu wopanda mkaka. Ati kuli alendo osadya chilichonse chochokera ku nyama, ndi ena amene mkaka umawatsegula m'mimba. Ine nthawi yomweyo ndinati tiyese. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kirimu wopanda ng'ombe? Ndiye mawa adzafuna dzira lopanda nkhuku. Uwauze akamwe madzi."

Nkhani inafera pomwepo, mpaka chaka chimene matumbo awo anayamba kuvuta.

Anawachita opareshoni, n'kudula gawo lalikulu. Munthu wamkulu thupi uja anabwera kunyumba atatsala mafupa, lamba akumuboola mabowo atsopano. Adokotala sanazungulire. Anatiitanira pambali ine ndi Chitayi, n'kutiuza kuti matendawo sanathe, angowachedwetsa. Chitayi anafunsa za mowa, poti ankawadziwa bambo ake.

"Kadontho kamodzikamodzi sindingakanize munthu amene wafika apa," anatero adokotala. "Koma mkaka ayi, kirimu ndiye ayi ndithu. Matumbo atsalawa sangaugaye. Mudzawazunza."

Kusakaniza kunagwera ine, poti panalibenso wina. Makasitomala sanadandaule, mabotolo ankapita monga kale. Bambo ankagona m'chipinda chawo cha pafupi ndi khonde, zenera lotsegula, akumva fungo la shuga wowotcha likuchokera kuseri. Sankafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Ankangofunsa chinthu chimodzi, kuti tiwapatseko kagalasi.

Tsiku lina ndikuwasintha malaya ndinawauza kuti, "Bambo, ndikupangirani wopanda mkaka. Mudzamwa, simudzamva kupweteka."

"Upange," anatero akuyang'ana kukhoma. "Nthawi ndi yako yotaya."

Ndinayamba ndi mkaka wa kokonati. Uli wofunda unkaoneka bwino, koma utalowa m'firiji mafuta anauma n'kuyandama pamwamba timibulu timibulu. Ndinausefa, n'kupita nawo. Bambo anangonunkhiza n'kubweza galasi.

"Awa ndi mafuta odzola. Kadzole."

Ndinayesa mkaka wa soya. Nditangothira wisiki unadukaduka pomwepo, ndipo sindinayerekeze n'komwe kupita nawo. Wa otsi, mbewu ya phala yonga tirigu ija, unagwirana bwino koma unali wonanda, ukapendeketsa supuni umatsika ngati chingwe. Umenewo anaulawa, n'kulavulira m'beseni la pambali pa bedi, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso.

"Ukufuna ndife ndi mamina m'kamwa?"

Ndinatuluka mano ali gwa. Ndikanatha kuswa galasi lija pakhoma, koma magalasi akewo wotsuka ndi kusesa ndi ine ndemwe. Ndinabwerera kuseri kukakwecha poto amene anali woyera kale.

Kenako ndinapeza mbibu, mtedza woyera wopindika uja. Ukauviika m'madzi otentha umafewa ngati batala, ukaupera umatulutsa mkaka wolemera wopanda fungo lolowerera. Vuto linali timisere. Ngakhale ndipere bwanji, pa lilime pankatsala kamchenga, ndipo bambo anga kamchenga ankakamva ngakhale kali m'chipinda china. Ndinkapera, kusefa pansalu, kufinya mpaka zala kuchita dzanzi, kuperanso. Makina operera anapsa, ndinagula ena. Zikhadabo zanga zinafewa n'kuyamba kusendeka chifukwa chokhalitsa m'madzi.

Ndili pakati pa zimenezi, Chitayi anachita zake. Masana ena ine nditapita kukagula mbibu, bambo anamuitana, n'kumulirira. Munthu amene sitinamuonepo akugwetsa msozi, ngakhale pamaliro a mayi athu. Chitayi mtima wake ndi wa phala, anapita kuseri, n'kutenga botolo pakatoni ya mowa weniweni wa kirimu umene ndinasakaniza sabata imeneyo, n'kuwathirira.

Pobwera ndinamva kubuula ndili pageti. Ndinawapeza atapindika pabedi ngati mwana wakhanda, mimba itatupa n'kuuma, zofunda zonse zitaipa, thukuta lili chuchuchu. Chitayi ataima pakona, botolo lidakali m'manja, tayi ali bwinobwino pakhosi. Tinawanyamula awiri kupita nawo kugalimoto, ndipo kupepuka kwawo kunandiopsa kuposa kubuulako.

Kuchipatala, m'khonde lonunkha mankhwala opopera pansi, ndinamugwira tayi uja n'kumukokera pafupi.

"Iwe uli ndi mutu kapena chipewa chokha? Adokotala ankalankhula uli kuti?"

"Analira, achemwali."

"Ndiye akadzalirira poizoni udzawapatsa?"

Anakhala pabenchi n'kugwira kumaso, ndipo ndinamusiya choncho chifukwa ndikanapitiriza ndikanamumenya pamaso pa anamwino.

Bambo anatuluka m'chipatala atachepa kuposa kale. Ndinkaganiza kuti mwina tsopano amva, koma ndinawapeputsa. Tsiku loyamba lomwelo, ndikuwakonzera pilo, anandigwira mkono.

"Botolo lija unasakaniza ndiwe?"

"Eya, bambo."

"Ndinadziwa. Mowa wanga sunadwalitsepo munthu. Si mkaka unandigwetsa, ndi dzanja lako."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero sindinawaiwale. Ndinafuna kuwauza kuti mabotolo a tanki yomweyo amwedwa m'tauni monse popanda wodandaula. Ndinafuna kuwakumbutsa za matumbo awo amene anatsala kuchipatala. Koma ungakangane bwanji ndi munthu amene ukumuvalitsa thewera? Ndinameza, n'kutenga beseni kukataya.

Kuyambira pamenepo anayamba kukana chakudya. Supu ankakankha, buledi woviika ankatembenukira kukhoma. Ankati adzadya tsiku limene adzamwe mowa wawo, wosakaniza okha ndi manja awo, osati zoyerekeza za anthu ena. Milomo inang'ambika, maso analowa. Adokotala atabwera kudzawaona anatiuza kuti akapitiriza choncho njala iwatenga matenda asanawatenge.

Masiku omwewo mowa wanga unatheka. Ndinapeza kuti mbibu uyenera kusefedwa uli wotentha, pansalu yopinda kawiri, kenako n'kuthiramo madzi a otsi ochepa kwambiri, ongoti ugwirane. Kamchere kapachala, shuga wowotcha mpaka atatsala pang'ono kuwawa. Ndipo wisiki salowa mkaka uli wofunda, umadikira uzizire, n'kumathira kamtsinje kakang'ono uku ukutakasa osaima. Ndinausiya m'firiji masiku angapo kuti ukhazikike. Nditautulutsa sunalekane, sunachite mibulu. Ndinapendeketsa galasi, ndipo unatsika pang'onopang'ono n'kusiya chifunga m'mbali, monga umachitira weniweni. Nditalawa ndinangokhala pakatoni.

Ndinapita nawo pathireyi.

"Bambo, lawani kamodzi kokha. Mukaukana uwu sindidzakuvutitsaninso."

Sanatembenuke n'komwe.

"Ndi wa mtedza wako uja?"

"Eya, koma..."

"Kapatse agologolo."

Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, thireyi m'manja, ndikuyang'ana msana wawo. Mafupa a msana ankawerengeka pansi pa malaya. Ndinali ndi ukali, ndinali ndi chisoni, ndipo sindinkadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Chitayi ananditsatira kuseri. Anatenga galasi lija pathireyi, n'kumwa, n'kundiyang'ana.

"Uwu ndi wopanda mkaka?"

"Iwe ungasiyanitse chiyani, ngakhale ndikupatse madzi otsukira mbale."

"Achemwali, ndimvereni. Tiuthire m'botolo lathu, la chizindikiro chakale chimene tinkamata bambo asanadwale. Ndiwauza kuti ndi wa tanki yawo yomaliza, imene anasakaniza okha asanagone m'chipatala. Ndinena kuti ndinabisa katoni imodzi."

"Ayi."

"Amwa, sawapweteka, ayamba kudya."

"Ndati ayi. Zala zangazi zasendeka chifukwa cha mowa umenewu. Aumwe akudziwa kuti ndapanga ndine."

Chitayi anayika galasi pansi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analankhula nane ngati munthu wamkulu.

"Mukufuna adye, kapena mukufuna akuyamikeni? Chifukwa zonse ziwiri sizitheka, mukuwadziwa."

Ndinamutukwana. Ndinamuuza kuti iye zoyamikiridwa anakhuta ali m'chikuta, sangadziwe njala yake. Nditatha mawu onse, ndinatsegula kabati ya pansi, n'kutulutsa botolo limodzi mwa otsala a chizindikiro chakale. Ndinalitsuka, ndinaliumitsa, ndinathiramo mowa wanga ndi fanulo. Ndinalitsekera pamakina kuti chitsekerero chidzalire potsegula, chifukwa bambo khutu lawo linali lisanafe. Chitayi anatola fumbi pamwamba pa kabati n'kupaka pamapewa a botolo. Pa zabodza ndiye anali katswiri.

Analowa nalo dzuwa likupendeka, ine ndili kale m'chipindamo ndikupinda zofunda.

"Bambo, ndili ndi mlandu," anatero Chitayi. "Tanki yanu yomaliza ija sindinagulitse yonse. Ndinasungako."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana botolo, n'kutambasula dzanja, n'kulisisita ndi chala pafumbi paja.

"Ndikweze."

Tinawakhazika tsonga, mapilo kumsana. Chitayi anapotokola chitsekerero, chinalira kuti thwa, ndipo bambo anatseka maso. Anawathirira pang'ono. Anagwira galasi ndi manja awiri, analipendeketsa kuyang'ana kuwala kwa pazenera, n'kudikira mowa utsike m'mbali. Ananunkhiza nthawi yaitali. Ine ndinkaopa kuti azindikira, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkapempha kuti azindikire.

Anamwa. Anausunga m'kamwa, akuuyendetsa pa lilime, tsaya ili ndi tsaya ilo. Kenako anameza.

"Ndi umenewu," anatero motsitsa. "Mwamva kulemera kwake? Ulibe poyambira, ulibe pothera, wangokhala chinthu chimodzi. Ndinasakaniza matanki ambiri pamoyo wanga, koma iyi ndinaigwira bwino. Ndinkadziwa kuti ndi yomaliza."

Anamugwira Chitayi dzanja n'kulifinya. "Mwana wanga, wandikumbuka."

Chitayi anayang'ana pansi, makutu ake ngati apsa. Ine ndinapitiriza kupinda chinsalu chimene ndinali nditapinda kale.

Tinadikira. Bambo nawonso ankadikira, dzanja lili pamimba, akumvetsera m'kati mwawo. Dzuwa linachoka pansi n'kukwera pakhoma, ndipo palibe chinachitika. Mimba inali phee. Anayamba kumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaona? Kirimu yemweyo, wisiki yemweyo. Kupweteka kuli kuti? Adokotala anu aja akabwere aone." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, siya nsanzazo. Bwera kuno."

Ndinasendera pafupi.

"Mthirire," anauza Chitayi. "Alawe."

Chitayi anazengereza, koma anathira m'galasi lomwelo n'kundipatsa osandiyang'ana. Ndinamwa. Ndinamva mbibu umene ndinasefa uja, kamchere kaja, shuga amene ndinamulanditsa pamoto atatsala pang'ono kupserera.

"Wamva?" anafunsa bambo.

"Ndamva, bambo."

"Uli bwanji?"

"Uli bwino kwambiri."

"Ndiye undiuze zoona, pamaso pa mlongo wakoyu. Iwe ungapange chonchi?"

Mawu anali okonzeka pa lilime, anangotsala kutuluka. Ndikanawatengera kuseri ngakhale powabereka, n'kuwaonetsa nsalu yosefera ili pachingwe, zotsalira za mbibu zili m'ndowa, mtsuko wa wotsala uli m'firiji. Ndikanaona nkhope yawo ikusintha. Koma ndinkawadziwa bambo anga. Sakanati mwana wanga wakhoza. Akanakankha galasi, n'kutembenukira kukhoma, ndipo sakanatembenukanso. Chitayi ankandiyang'ana, akupukusa mutu pang'ono kwambiri.

Bambo ananyambita milomo yawo yong'ambika ija.

"Supu uja alipo?" anafunsa, asanamve n'komwe yankho langa. "Ndikumva kanjala. Koma yamba wayankha."

"Sindingathe, bambo."

Anapumira m'mwamba, mokhutira. Kenako anachita chimene sanachitepo chibadwire changa. Ananditenga dzanja, lomwe lija la zikhadabo zosendeka, n'kulisisita mofatsa ngati akutonthoza mwana amene walephera mayeso.

"Usadandaule, mwana wanga. Dzanja ndi chobadwa nacho, sumachita kuphunzira. Iwe unalimbikira, ndinkakuona. Kungoti sunapatsidwe."

"Eya, bambo."

Ndinapita kukhitchini kukatenthetsa supu. Ndinalira nditaima pa chitofu, mwakachetechete, kuti asamve. Anamaliza mbale yonse, n'kupempha kabuledi kopukutira.

Anakhala nafe mpaka nyengo yozizira itatha. Botolo likatha ndinkaviika mbibu wina zenera la kuseri nditatseka, n'kudzaza lina, Chitayi n'kulipaka fumbi. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamulawitsa kadontho, n'kumuuza kuti iyi ndi tanki yawo yomaliza, ndipo iwo akadzapita mowa wotere sudzapezekanso. Alendo ankavomera, ena ankandiyang'ana mwachisoni. Ine ndinkatolera magalasi n'kupita kukatsuka.